Cholowa cha Mbali Ziwiri m'Thupi la Mbalame

Ife a ku Natuseko, amene timanjenjemera ndi chisanu cha Juni ndi kuwauka ndi dzuwa la Okutobala, nkoyenera kuti tidzifunse umo timba ndi njiwa, zopanda chofunda ngakhale mbaula, zimapiririra zonsezi. Ndipo ndifuna ndikufotokozereni, owerenga anga olemekezeka, zimene akatswiri apeza.

M'maselo a mbalame muli tizigawo totchedwa mitochondria, momwe chakudya chimasandulika mphamvu ndi kutentha. Ma mitochondriawa, ngakhale ali ndi majini awoawo ochokera kwa mayi yekha, sangagwire ntchito popanda majini oposa 1,000 a m'phata la selo, ochokera kwa makolo onse awiri. Ndipo pakuti mutu umodzi susenza denga, mbali imodzi ikasintha, inayo iyenera kutsatira, apo ayi ana amabadwa ofooka.

Umboni unachokera ku Australia mu 2018, pamene akatswiri a pa yunivesite ya Monash anaonetsa kuti kambalame kotchedwa Eastern Yellow Robin kali ndi mafuko awiri, la kugombe konyowa ndi la kumtunda kouma, amene majini a mitochondria awo amasiyana pafupifupi 7 peresenti, ndi kuti majini a m'phata nawonso anasiyana koposa pa chigawo cha chromosome 1A, pomwe pali majini ambiri otumikira mitochondria.

Mgwirizano wotere umaumbidwa pa mibadwo zikwizikwi, pomwe nyengo yathu ikusintha mofulumira. Chifukwa chake ndikudandaulirani kuti tileke kupulula mitengo powotcha makala, ndiponso tisamale dambo la Lukanga, kuti mbalame zikhale ndi kothawira kutentha.