Mfumu, Mfumukazi ndi Makina Omasulira: Maina a Atsogoleri Aakazi m'Cinyanja

Monga adziwira onse ophunzitsa galamala, Cinyanja sicisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'magulu a maina kapena m'alowam'malo. Mau akuti iye, mtsogoleri, mphunzitsi ndi nduna aimira munthu ali yense. Tikanena kuti "analamula dziko", palibe cimene cationetsa ngati wolamulayo ndi bambo kapena mai.

Mbiri ya Acewa igwirizana ndi galamala imeneyi. Pa mpando wa Kalonga panali Nyangu, mai wa fuko la Phiri, amene ufumu unadzera mwa iye, ndipo pa kacisi wa ku Msinja panali Makewana, woyang'anira nsembe za mvula. Awa anali maudindo a akazi okhala ndi maina aoao, osabwerekedwa kwa amuna.

Bvuto libuka pamene tiphatikiza kacidutswa ka -kazi. Mau akuti mfumukazi ali ndi matanthauzo awiri, mkazi wolamula ndi mkazi wa wolamula, ndipo womva sadziwa msanga amene achulidwa. Ife tiona kuti kacidutswaka kacititsa mwamuna kukhala muyeso, mkazi nakhala coonjezera. Palibe amene anenapo mfumumuna. Pamene Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa Malawi mu 2012, Inonge Wina waciwiri kwa mtsogoleri wa Zambia mu 2015, ndi Nelly Mutti Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2021, cinenero sicinafune mau atsopano. Dzina la udindo linakwana, pamodzi ndi ulemu wa Amai.

Makina omasulira ndiwo abweretsa cinthu cacilendo. Google Translate inayamba kumasulira Cicewa mu 2014. Popeza Cingelezi cikakamiza kusankha pakati pa he ndi she, makina asankha potsata zolembedwa zimene anaphunzirapo, momwe madokotala ndi atsogoleri ambiri ndi amuna. Izi zinaonekera poyera m'cinenero ca ku Turkey, cimenenso cili ndi mlowam'malo mmodzi: dokotala anali kutuluka mwamuna, namwino mkazi, kufikira mu 2018 pamene kampaniyo inayamba kupereka matanthauzo onse awiri. M'caka comweco Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru, akatswiri aakazi acikuda, anaonetsa kuti makina ozindikira nkhope anali kulakwa kufikira 34.7 peresenti pa akazi akuda, koma 0.8 peresenti cabe pa amuna oyera. Gwero lake ndi limodzi: amene sapezeka m'zitsanzo, makina samuona bwino.

Komatu tisanamizire makina okha. Mphunzitsi wolemba pa bolodi kuti iye ndi he wacita comweco, ndipo mtsikana wa m'kalasi mwake amva kuti mtsogoleri wa m'ciganizoco si iye. Ndi cifukwa cake tipempha kuti pophunzitsa kumasulira, ciganizo monga "nduna yafika, iye adzalankhula" cipatsidwe matanthauzo ake awiri, ndi kuti ophunzira afunsidwe cifukwa cimene asankhira limodzi.