Pakamwa pomwe padamudyetsa: masiku 8 amene adagwetsa Don Imus

Usiku wa pa 3 Epulo 2007, atsikana a timu ya basketball ya yunivesite ya Rutgers ku America adagona ndi chisoni. Adafika mundime yomaliza ya mpikisano wa mayunivesite a dziko lonselo, koma timu ya Tennessee idawagonjetsa ndi 59 kwa 46. Kungofika pamenepo kudali kupambana kale, poti osewera asanu mwa khumi a timuyo adali m'chaka chawo choyamba pa yunivesite.

Kutacha, bambo wina wa zaka 66, wokonda chipewa cha akachete a ng'ombe, adakhala pa maikolofoni n'kuyamba kuwaseka. Dzina lake Don Imus, mwini pologalamu ya m'mawa ya "Imus in the Morning", imene inkamveka pa wailesi ya WFAN ya ku New York ndi mawailesi ena ambiri, kwinaku ikuonekanso pa kanema wa MSNBC. Akucheza ndi mkonzi wa pologalamuyo, Bernard McGuirk, Imus adati atsikanawo ndi mahule, ndipo adaphatikizapo mawu akale onyoza tsitsi lopotana la munthu wakuda. Osewera asanu ndi atatu mwa khumiwo adali akuda. M'situdiyo mudamveka phwete, macheza n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Patangotha masiku 8, ntchito idamuthera.

Imus sadali muulutsi wamba. Adafika pa wailesi za ku New York mu 1971, ndipo kutukwana ndi kunyoza ndiye udali munda wake. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu ankamukonda. Maseneta monga John McCain ndi John Kerry, atolankhani otchuka ndi olemba mabuku ankalimbirana mpando wa mlendo pa pologalamu yake, chifukwa buku limene Imus walitama linkayenda malonda. Onsewa nthabwala zakezo ankazimva, koma ankangoyang'ana kumbali.

Ulendo uno zinthu zidasiyana chifukwa mawuwo sadauluke ndi mphepo. Bungwe la Media Matters for America, limene limatchera khutu ku zoulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, lidaika kachidutswa ka pologalamuyo pa intaneti tsiku lomwelo. Bungwe la atolankhani akuda la National Association of Black Journalists lidati munthuyo achotsedwe. Imus adapepesa pa 6 Epulo, ndipo pa 9 adakagwada pa pologalamu ya m'busa Al Sharpton, amene adamuuza pamaso kuti atule pansi ntchito. Tsiku lomwelo mabwana ake adalengeza kuti amuimitsa kwa masabata awiri. Iwo ankaganiza kuti moto uzima.

Pa 10 Epulo atsikana aja adaonekera kwa atolankhani pamodzi ndi mphunzitsi wawo, mayi C. Vivian Stringer. Sadakalipe, ndipo sadanene kuti Imus achotsedwe. Mtsogoleri wa timuyo, Essence Carson, adangodandaula kuti alandidwa nthawi imene akadasangalalira zimene adakwanitsa. Dziko lidaona ndi maso ake kuti onyozedwawo si andale ozolowera kugendedwa, koma ana a sukulu amene sadamuputepo munthu. Apa m'pamene makampani otsatsa malonda adayamba kuthawa: Procter & Gamble, Staples, General Motors, American Express ndi ena. M'kati mwa NBC, kampani yoyendetsa MSNBC, ogwira ntchito adadandaula kwa mabwana, ndipo Al Roker, wolengeza zanyengo wotchuka, adanena poyera kuti nthawi ya Imus yakwana. Barack Obama, amene panthawiyo adali seneta wofuna upulezidenti, adati munthu wolankhula chotero sangamusunge pa ntchito.

MSNBC idasiya kuonetsa pologalamuyo pa 11 Epulo. Mawa lake mkulu wa CBS (kampani imene idali mwini wa WFAN), Leslie Moonves, adalengeza kuti Imus wachotsedwa, ndipo izi zidamupeza ali pakati pa pologalamu yapadera yosonkhetsa ndalama zothandizira ana odwala. Madzulo a tsiku lomwelo adakakumana ndi atsikanawo kwa maola angapo kunyumba ya bwanamkubwa wa New Jersey, dera limene kuli Rutgers. Mwini nyumbayo, Jon Corzine, sadafike: adavulala kwambiri pa ngozi ya galimoto ali m'njira yopita ku msonkhanowo. Tsiku lotsatira Stringer adalengeza kuti timu yalandira kupepesako.

Otsatira a Imus adafuula kuti ufulu wolankhula waphedwa. Koma pa nkhani yonseyi boma silidatukule chala. Gawo la malamulo oyendetsera dziko la America lotchedwa First Amendment, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1791, limaletsa boma kupanga lamulo lotsekereza munthu pakamwa. Silikakamiza kampani kupitiriza kulipira munthu amene ikuona kuti akuionongera malonda. Ngakhale bungwe la FCC, limene limagwira ntchito yofanana ndi ya MACRA kuno kwathu, lidalibe pomugwirira Imus, chifukwa mphamvu zake zimathera pa zolaula. Mphamvuzo zidatsimikizidwa ndi khoti lalikulu mu 1978, pa mlandu wochokera ku nthabwala ya George Carlin ya mawu asanu ndi awiri otukwana, imene wailesi ya WBAI idaulutsa masanasana mu 1973. Tsono ku America muulutsi akhoza kulipitsa wailesi yake chindapusa potchula ziwalo zobisika, koma kunyoza mtundu wa anthu lamulo silikumuletsa. Kwa munthu wochokera kunja izi zimamveka zozondoka, koma ndi mmene lamulolo lilili.

Imus adadziteteza ndi mfundo ina, yoti mawu amenewo sadayambe ndi iye, oimba a rap amawatchula tsiku ndi tsiku. Mfundoyi idali ndi kachoonadi kake, ndipo mwezi womwewo Russell Simmons, mmodzi wa akuluakulu a nyimbo za hip-hop, adapempha kuti mawu atatu onyoza amayi ndi anthu akuda azifufutidwa m'nyimbo zoulutsidwa pa wailesi. Komabe kuloza wina amene akuba sikuchotsa mbuzi imene yapezeka m'khola mwako.

Mbali yochititsa chidwi kwambiri idatulukira pamene maloya adalowerera. Imus adali atangosaina kumene mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 40 miliyoni. Loya wake, Martin Garbus, adaonetsa kuti mu mgwirizanowo CBS idalemba yokha kuti ikufuna pologalamu yopanda ulemu ndiponso yoyambitsa mikangano. Kunena kwina, kampaniyo idagula galu woluma, n'kudzadabwa tsiku limene waluma mwana wa mnansi. Garbus adatinso wailesiyo idali ndi batani lochedwetsa mawu, loti mkonzi akhoza kudula chonyansa chisadafike kwa omvera, koma palibe adalidina. Nkhaniyo sidazengedwe m'khoti. Mu Ogasiti 2007 mbali ziwirizo zidagwirizana mwakachetechete.

Msika umene udamugwetsa ndi womwewo udamudzutsa. Pa 3 Disembala 2007, miyezi isanu ndi itatu isadakwane, Imus adabwerera pa wailesi ya WABC mumzinda womwewo wa New York, tsopano ali ndi anthabwala awiri akuda pambali pake, Karith Foster ndi Tony Powell. Andale aja adayambanso kuimba foni. Tsiku loyamba lomwelo John McCain adamveka pa pologalamuyo.

Kuti chilango chotere chimayendera thumba la wailesi, zidaonekera bwino patapita zaka zisanu. Mu Febuluwale 2012 Rush Limbaugh, muulutsi amene adali ndi omvera ambiri kuposa wina aliyense pa mapologalamu a zokambirana m'dzikomo, adatchula Sandra Fluke, mtsikana wophunzira zamalamulo pa yunivesite ya Georgetown, kuti ndi hule, chifukwa adalankhula kwa aphungu za inshuwalansi ya mankhwala olera. Adabwereza chipongwecho masiku atatu. Otsatsa malonda ambirimbiri adamuthawa, iye adapepesa, koma pa mpando sadasunthe. Omvera ake adali khamu lokhulupirika limene mawailesi sakadayerekeza kulitaya, ndipo sadali kudalira maseneta ndi atolankhani aulemu wawo kuti azibwera kudzacheza naye monga ankachitira Imus. Mu 2020 Pulezidenti Donald Trump adamupatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom, ulemu waukulu koposa umene munthu wamba angalandire ku America.

Imus adapuma pa ntchito mu Malichi 2018 ndipo adamwalira pa 27 Disembala 2019 ali ndi zaka 79. Nyuzipepala zidalemba za madola mamiliyoni amene adasonkhetsa pothandiza ana odwala khansa, ndi za famu yake ya ku New Mexico kumene anawo ankapita kukasangalala, koma nkhani ya Rutgers sidasowe m'mbiri yakeyo. Mayi Stringer adapitiriza kuphunzitsa pa Rutgers, ndipo mu Novembala 2018 adapambana masewero ake a nambala 1,000. Adapuma mu 2022.