Chemo yalakwanji?

"Ankayenda yekha, koma atangomuika dilipi ija basi anatheratu." Mawu amenewa amamveka pamaliro, m'minibasi, ngakhale pabenchi podikira dokotala, ndipo abweza odwala ambiri ali pakhomo pa chipatala. Owanenawo satchula miyezi imene wodwalayo anataya akuzungulira kwa asing'anga ndi kwa aneneri, mpaka kudzafika ku Queens kapena ku Kamuzu Central khansa itayanga kale thupi lonse. Mlandu wonse amausenzetsa chemo, mankhwala a khansa a m'dilipi aja. Zimatopetsa kumva.

Inde, mankhwalawa ndi aukali. Akalowa m'magazi amalimbana ndi maselo amene akuchulukana mothamanga, poti ndilo khalidwe la khansa. Tsoka lake, m'thupi muli maselo ena osalakwa omwenso amathamanga chomwecho: a m'mizu ya tsitsi, a m'kamwa ndi m'matumbo, komanso a m'mafuta a m'mafupa, momwe mumapangidwa magazi. Mankhwala sasankha. N'chifukwa chake pakatha milungu iwiri kapena itatu tsitsi limayamba kutsalira papilo, m'kamwa mumatuluka zilonda moti nsima imavuta kumeza, ndipo munthu amafooka. Koma maselo abwinowa amachira msanga kuposa a khansa. Madokotala amadalira zimenezi akamapereka mankhwala kenako n'kumupumitsa wodwala, nthawi zambiri masiku 21, kuti thupi libwerere asanamenyenso kachiwiri. Kudumpha tsiku limene akulemberani n'kupatsa khansa mpata woti nayonso ipume. Tsitsi limameranso mankhwala akatha, ndipo si mankhwala onse amene amalithothola.

Mwa mankhwala a chemo pali doxorubicin, wofiira uja, amene amafiiritsa mkodzo tsiku limodzi kapena awiri. Si magazi ayi, ngakhale ena athamangira nazo kukaombeza. Vincristine amachititsa dzanzi m'zala ndi kudzimbidwa. Za nseru ndi kusanza, mankhwala ake alipo, kungowapempha.

Chimene chimaphadi anthu amene ali pa chemo sachitchula n'komwe. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala, asilikali a m'thupi amakhala atatsikiratu, moti kachilombo kochepa kangathe kulowa m'magazi n'kumugwetsa munthu tsiku lomwelo. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena wodwala akayamba kunjenjemera, gadiyani asanene kuti ndi malungo n'kukagula panado pagolosale. Apite naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, buku la kuchipatala lili m'manja, ndipo akangofika auze namwino kuti munthuyu ali pa chemo.