Nthaka imachenjeza isanagwe: mmene akatswiri amailondera m'migodi yapansi

Chingodzi, Tete

Migodi ikuluikulu ya malasha ya ku Moatize, imene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 n'kugulitsa kwa Vulcan mu 2022, ndi yapamtunda: amachotsa dothi lapamwamba mpaka malasha aonekere. Koma miyala yamtengo ikakhala pansi kwambiri, makampani ena amatsata njira ina yotchedwa block caving. Njirayi ndi yofunika kuidziwa, chifukwa ngozi zake zimafika mpaka paminda, pamisewu ndi pazitsime za anthu okhala pamwamba.

Taganizirani chimanga chothiridwa m'fanulo la pachigayo. Chapansi chikamalowa m'makina, chapamwamba chimatsika chokha. Umu ndi mmene mgodi wotere umagwirira ntchito. Amakumba ngalande kunsi kwa chimwala chokhala ndi mkuwa, golide kapena dayamondi, n'kuphulitsa tsinde lake. Chimwalacho chikasowa pokhazikika, chimasweka chokha ndi kulemera kwake, n'kumagwera m'mafanulo okumbidwa m'thanthwe. Magalimoto amawola kunsi, pamwamba n'kumagumukabe. Njirayi ndi yotchipa, koma vuto n'lakuti palibe munthu amene angalowe m'kati mwa mgumukomo kukaona mmene zikuyendera. N'chifukwa chake pamafunika akatswiri a miyala ndi nthaka, amene ntchito yawo ndi kumvetsera ndi kuyeza usana ndi usiku.

Ngozi yoyamba ndi mphepo. Akamawola mofulumira pamene denga lasiya kugwa, pamatsala chimphanga chachikulu. Tsiku limene dengalo lagwa lonse pamodzi, mpweya umathamanga m'ngalande ndi mphamvu yogubuduza galimoto. Izi zinapha anthu 4 pamgodi wa Northparkes ku Australia mu 1999.

Yachiwiri ndi matope. Madzi a mvula akasakanikirana ndi miyala yoperekeseka, amatha kutulukira m'mafanulo mwadzidzidzi. Pa 25 September 1970, ku Mufulira m'dziko la Zambia, matope a zotsalira za mgodi amene anathiridwa pamalo otitimira analowa pansi n'kupha anthu 89. Mu September 2025, anthu 7 anafanso ndi matope pamgodi wa Grasberg ku Indonesia.

Yachitatu ndi kutitimira kwa nthaka yapamwamba. Chitsanzo chapafupi ndi mgodi wa mkuwa wa Palabora, ku Phalaborwa m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, kufupi ndi malire a dziko lathu. Kumeneko anakumba dzenje lapamtunda lozama mamita pafupifupi 800, kenako anayamba block caving kunsi kwa dzenjelo. Mu 2004 khoma lakumpoto linagumukira m'dzenjemo, ming'alu inafika kutali ndi m'mphepete, ndipo panafunika kusuntha msewu, njanji ndi mawaya a magetsi.

Nanga akatswiri amaona bwanji zimene maso sangaone? Choyamba amagwiritsa ntchito makutu. M'mabowo oboola m'thanthwe amaikamo tizipangizo totchedwa geophone, timene timamva kalikonse kamene kathetheka. Tikakhala tambiri, kompyuta imaonetsa pamene mwala ukusweka ndiponso ngati kuswekako kukukwera bwino kapena kwaima. Chachiwiri, amatsitsa mawaya aatali m'mabowo ochokera pamwamba. Pamene waya waduka, amadziwa kuti mgumuko wafika pamenepo. Chachitatu, amakwirira timipira tamagetsi m'mwalamo, timene timatsika limodzi ndi miyala n'kusonyeza njira imene ikudzera. Palinso zoyezera kuchuluka kwa madzi m'nthaka. Pamtunda amaika rada ndi tizizindikiro toyezerapo, ndipo masetilaiti amatha kuona nthaka ikatsika ngakhale ndi mamilimita ochepa chabe.

Koma chipangizo pachokha sichipulumutsa munthu. Mgodi woyendetsedwa bwino umalemberatu malire: nthaka ikasuntha kufika pakuti, onjezerani kuyeza, ikapitirira pakuti, tsekani ngalandeyo, ikafika pakuti, aliyense atuluke. Amaonetsetsanso kuti akuwola mofanana m'mafanulo onse, osati kumangodya mbali imodzi. Ndipo pamafunika munthu wopatsidwa mphamvu zoimitsa ntchito ngakhale mabwana akufuna matani ochuluka.

Phunziro lomweli likukhudza abale athu okumba golide pamanja m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Marávia, makamaka nyengo ya dzinja pamene dothi lakhuta madzi. Alibe rada, koma zizindikiro n'zomwezo: mng'alu watsopano m'mbali mwa dzenje, timiyala toyoyoka popanda wotikhudza, mitengo yochirikiza imene yayamba kulira kapena kupindika, madzi oyera amene asanduka amatope, kapena madzi otuluka pamene panali pouma. Khomani zikhomo ziwiri, china mbali ino ya mng'alu china mbali inayo, ndipo yezani mtunda wapakati ndi chingwe m'mawa ndi madzulo. Mng'alu ukamakula mofulumira kuposa dzulo, tulukani, musabwererenso kukatenga fosholo. Dothi lofukulidwa musaliunjike pakamwa pa dzenje, dulani mgula wopatutsa madzi a mvula, ndipo pamwamba pazikhala munthu wolondera nthawi zonse. Paja akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene waona chizindikiro anene msanga.

Kwa alimi amene m'dera mwanu mwabwera kampani yofuna kukumba pansi, msonkhano wofunsa maganizo a anthu ndiwo mpata wanu. Funsani kuti nthaka idzatitimira kufika pati, ndipo akuonetseni pamapu. Funsani kumene adzathire zotsalira za mgodi, ndi ngati malowo ali pamwamba pa ngalande. Funsani kuti zitsime ndi madimba azidzaziyeza ndani, kangati, ndipo zotsatira zake azidzauza yani. Pemphani kuti nyumba ndi zitsime zijambulidwe ntchito isanayambe, kuti mng'alu ukadzabwera pasadzakhale mkangano. Mayankhowo alembedwe pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a boma, ndipo mudzi usunge kope lake.