Ntchito yomvetsera: opereka uphungu ndi anthu amene sitiwamvetsa

Pafupifupi m'banja lililonse muli mwana amene anthu amati ndi wovuta. Mukamudzudzula pang'ono, amatha tsiku lonse osadya. Kuukwati zimkuzamawu zikayamba kugunda, iye amazemba n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Amazindikira msanga kuti lero amayi sali bwino, ena onse asanaone kanthu. Akamakula timamupatsa maina: wamanyazi, wonyada, wodzipatula, wosachedwa kukhumudwa. Akakhala mnyamata timamuuza kuti mwamuna salira. Akakhala mtsikana timamuopseza kuti ndi mtima umenewo sadzakhalitsa pabanja. Zikapitirira, wina pamudzi amanong'ona kuti mwanayu adamuchita chipongwe, ndipo ulendo wopita kwa sing'anga kapena kumapemphero a usiku umayambika.

Munthu wotere sikuti akudwala. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Elaine Aron, adalemba m'buku lake la mu 1996, The Highly Sensitive Person, kuti anthu 15 mpaka 20 mwa 100 aliwonse amabadwa otere: phokoso, mawu olasa ndi chisoni cha ena zimawalowa kwambiri kuposa anzawo. Akatswiri anzake ena amatsutsana naye pa kayezedwe kake, koma aliyense amene adalerapo ana amadziwa kuti mitima simalimba mofanana. Matenda amadza pambuyo pake, munthu akakhala zaka zambiri akumva kuti mmene adabadwira ndi molakwika. Tulo timasowa, mtima umathamanga, mutu susiya kuwawa, ena amathawira ku mowa, ena amayamba kuganiza zodzichotsera moyo. Apa ndi pomwe, akachita mwayi, amakumana ndi wopereka uphungu.

Ambiri a ife tidayamba kuwadziwa anthu a ntchitoyi pa nkhani yoyezetsa magazi. Mabungwe ngati MACRO, kenako zipatala za boma ndi za mishoni, adaika anthu m'tizipinda tating'ono kuti azilankhula nawe usanabayidwe chala komanso zotsatira zikatuluka. Ntchito imeneyi idapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo idatizoloweza chinthu chimene kale chinali chachilendo: kuuza chinsinsi munthu amene si m'bale wako, iye n'kuchisunga. Koma uphungu wa pa HIV uli ndi ndondomeko yake yoikika, ndipo panja pamakhala mzere wautali. Munthu amene vuto lake ndi lakuti kwawo samumvetsa sangamalize nkhani yake m'mphindi khumi.

Amene adaphunzira kukhala ndi munthu wotere mpaka nkhani yake imveke ndi ochepa. Madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka chabe m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo nthawi yawo imathera pa odwala kwambiri. Katundu wamkulu amasenza ndi anamwino ndi ma clinical officer amene adaonjezera maphunziro a matenda a maganizo. Amenewa ndi omwe mungawapeze pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu, pa Queens ku Blantyre, pa Bwaila ku Lilongwe ndi pa Zomba Mental. Chipatala cha ku Zombachi mbiri yake idayambira m'ndende mu 1910, pomwe boma la atsamunda linkasunga odwala misala pamalo amodzi ndi akaidi, ndipo lamulo la mu 1948 loona za odwalawa lidagwira ntchito zaka zoposa 70. Mbiri imeneyi idasiya chipsera. Mpaka lero kumuuza munthu kuti akupititsa ku Zomba ndi kumunyoza, choncho mnyamata amene akungofuna womumvetsera amaopa kuonedwa atakhala pa benchi la chipinda cha "amisala".

Kumpoto zinthu zidayenda mwanjira ina. Abulazala a chipani cha St John of God adafika ku Mzuzu mu 1993, adatsegula chipatala cha matenda a maganizo, kenako sukulu ya ukachenjede imene imaphunzitsa anamwino, ma clinical officer komanso opereka uphungu amene ntchito yawo yonse ndi yokambirana ndi anthu, osati kupereka mankhwala. Pambuyo pake adatsegulanso chipatala china ku Lilongwe. Ophunzira a kumeneko mungawapeze m'mabungwe, m'masukulu ndi m'zipatala m'zigawo zonse zitatu. Ku Zomba, Yunivesite ya Malawi imaphunzitsa za kaganizidwe ka munthu, ndipo Kamuzu University of Health Sciences, imene idapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imasula madokotala ndi anamwino a mbali imeneyi. Kunja kwa zipatala kuli achinyamata amene amayankha mafoni a ana pa nambala yaulere ya 116 ku bungwe la YONECO, apolisi a m'maofesi othandiza ochitiridwa nkhanza, ogwira ntchito m'malo a Chikwanekwane amene nawonso amathandiza ochitiridwa nkhanza, ndiponso aphunzitsi, abusa ndi mashehe amene adachitako maphunziro aafupi.

Kodi munthu wa ntchitoyi amachita chiyani akatseka chitseko? Tiyerekeze mphunzitsi wamkazi wa ku pulayimale amene wabwera chifukwa cha mutu wosatha. Malungo amuyeza kangapo osapeza kanthu, ndiye namwino wamulozera chipinda cha kumapeto kwa khonde. M'chipindamo muli mipando iwiri yoyang'anana mopendekera, popanda tebulo pakati. Wopereka uphungu amayamba ndi lonjezo: "Achemwali, khalani omasuka. Zimene tikambirane muno zithera muno, pokhapokha ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pachiswe." Kenako amakhala chete. Chete ameneyu ndi wovuta kumuphunzira, chifukwa tonse tidakula tikudziwa kuti munthu akamalira umamuletsa. Iye samuletsa. Amamusunthira kansalu kopukutira misozi n'kudikira.

Mayiyo akayamba kulankhula, nkhani ya mutu imatha msanga. "Anzanga akuntchito amati ndine wonyada chifukwa nthawi yopuma sindikhala nawo," akutero. Wachibale akadamuyankha kuti asamawamvere, kapena kuti ayesetse kucheza ndi anthu. Wopereka uphungu amafunsa: "Nanga inuyo belu likalira, m'thupi mumamva bwanji?" Pamenepo zimadziwika kuti mayiyu amaphunzitsa kalasi ya ana oposa zana limodzi, ndipo ikamakwana nthawi yopuma makutu amakhala akulira, manja akunjenjemera. Kuzemba kwake si matama. Akungofuna kupuma. Pali pepala la mafunso asanu ndi anayi, lomasuliridwa m'Chichewa, limene limafunsa za tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa ndi maganizo ofuna kufa m'masabata awiri apitawo. Mayankho akaonetsa kuti matenda okhumudwa alowa kwambiri, mayiyo amatumizidwa kwa woona za mankhwala, pakuti wopereka uphungu salemba mankhwala. Akapanda kutero, awiriwa amagwirizana zinthu zing'onozing'ono zoti akayese: kukhala yekha mphindi khumi kenako n'kupita kwa anzake, kusankha mnzake mmodzi womufotokozera, kupuma mpweya pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga. Sabata yamawa adzabwera kudzanena zimene zatheka ndi zimene zakanika.

Kumvetsera kotereku kuli ndi mbiri yake. Katswiri wina wa za maganizo, Carl Rogers, m'buku lake la mu 1951, adaphunzitsa kuti munthu amayamba kusintha akalandiridwa mmene alili, popanda kuweruzidwa, ndipo ophunzira uphungu amakumana ndi dzina lake m'chaka choyamba. Ena kuno amati zimenezi ndi zachizungu, ife tili ndi ankhoswe ndi anankungwi athu. Ine ankhoswe ndimawalemekeza, ndipo mabanja ambiri alipo lero chifukwa cha iwo. Koma ntchito ya nkhoswe ndi kupeza amene walakwa ndi kubweza onse mumzere kuti banja lipitirire. Ntchito ya nankungwi ndi kuuza namwali zoyenera kuchita. Onsewa amalankhula, iwe n'kumamvera utazolika. Munthu wa mtima wofewa akatuluka pabwalo lotere kawirikawiri amakhala kuti mlandu wamugwera, chifukwa sadathe kufotokoza bwino, kapena adalira asanamalize. Malangizo adamva ochuluka kuyambira ali mwana. Chimene sadachipezepo ndi munthu womufunsa kuti iye akuziona bwanji.

Sikuti wopereka uphungu wabwino amamuchotsa munthu pakati pa abale ake. Nthawi zambiri, mwini wake akalola, amaitanitsa mayi, mwamuna kapena malume kuti nawonso amve. Chiwoza Bandawe, katswiri wa za maganizo amene waphunzitsa madokotala ku Blantyre kwa zaka zambiri, wakhala akulemba kuti chithandizo cha maganizo kuno chiyenera kumangidwa pa umunthu, pozindikira kuti munthu amachira ali pakati pa anzake. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adaonetsa zomwezi m'zochita. Mu 2006 adayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mumzinda wa Harare, kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kukambirana ndi anthu ovutika maganizo, munthu aliyense maulendo ngati asanu ndi limodzi. Kafukufuku amene adatuluka mu 2016 adaonetsa kuti okhala pa benchi la agogowa adapeza bwino kuposa amene adalandira chithandizo cha masiku onse. Njira imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi, makamaka kwa amayi oyembekezera amene ali ndi HIV ndi kwa odwala shuga ndi BP. Agogo a ku Mbare aja sadapite ku yunivesite. Adaphunzitsidwa kuleka kulamula, n'kumathandiza munthu kusankha yekha vuto limodzi loti ayambe nalo.

Odzimva kuti ndi osiyana ndi anzawo si ofatsa okha. Kuli mtsikana wachialubino amene wakula akuitanidwa maina pamsewu ndi kuopa kuyenda yekha, mnyamata amene adabadwa ndi HIV ndipo amabisa botolo la mankhwala ku sukulu yogonera konko, wachibwibwi amene adasiya kukweza dzanja m'kalasi, bambo amene wabwera kuchokera ku Joni chimanjamanja. Kuli osamva, amene kuti alankhule ndi wopereka uphungu amafunika womasulira chinenero chamanja, ndipo nthawi zambiri womasulirayo ndi m'bale yemweyo amene akufuna kumudandaula. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa pamenepo chinsinsi chimatha nkhani isanayambe.

Ntchitoyi ndi yolemetsa kwa eni ake. Munthu amamva nkhani ya kugwiriridwa m'mawa, ya imfa ya mwana masana, ya ngongole madzulo, ndipo poweruka sangauze ngakhale mkazi wake zimene wamva. Namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023 n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'maboma ena a kummwera, opereka uphungu adatumizidwa m'misasa kukakhala ndi anthu amene adataya mabanja athunthu, pomwe ena mwa iwo nawonso anali pamaliro. Malamulo a ntchitoyi amafuna kuti aliyense akhale ndi mkulu womuyang'anira amene amakatulako nkhawa zake ndi kuunikira naye milandu yovuta, koma amene ali kutali ndi mizinda kawirikawiri amakhala okha. Malo nawonso ndi vuto. M'zipatala zambiri zing'onozing'ono uphungu umachitikira m'chipinda chosungiramo katundu, kapena kuseri kwa katani komwe aliyense akumva. Pamudzi, amene wamumvetsera Lachiwiri ndi yemwe ukhale naye pa mpando umodzi kutchalitchi Lamulungu, ndipo uyenera kumupatsa moni ngati sudziwa kanthu.

Za malipiro n'zomvetsa chisoni. Ambiri amalembedwa ndi mabungwe pa mgwirizano wa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ndalama za opereka thandizo zikatha, ntchito yatha. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025, ogwira ntchito za HIV, kuphatikizapo opereka uphungu, anali m'gulu la amene adakhudzidwa. Ena amatsegula maofesi awoawo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma kumeneko amafika ndi okhawo amene angathe kulipira pa ola. Choncho mtsikana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amadalira mwayi woti namwino wa pafupi naye akhale ndi mtima komanso nthawi.

Pali chinanso chimene a ntchitoyi ayenera kuchikonza okha. Anamwino ali ndi bungwe lowalembetsa, madokotala ali ndi lawo, koma dzina la wopereka uphungu aliyense amangodzipatsa. Munthu akachita maphunziro a masabata awiri, kapena akapeza omutsatira ambiri pa Facebook, amayamba kulandira anthu. Wotere amalalikira m'malo momvetsera, amauza mkazi womenyedwa kuti apirire, amauza wolira kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, ndipo nkhani za anthu amakazipereka ngati zitsanzo pagulu. Kwa munthu wa mtima wofewa kuvulala kwake n'kwakukulu, chifukwa adalimba mtima kamodzi kuti atsegule pakamwa ndipo sadzayesanso. Musachite manyazi kufunsa amene akukuthandizani kuti adaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo amamuyang'anira ndani. Wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Maunduna a Zaumoyo ndi Zamaphunziro akhazikitse malo a ntchito okhazikika a opereka uphungu m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'masekondale, ndi chipinda chotsekeka, kuti anthuwa asamadalire mapulojekiti. Ndipo inu amene muli ndi mwana wosachedwa kulira, kapena inuyo mwini amene mwatopa kutchedwa wovuta, musadikire kuti zifike poipa. Pitani pa chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, kumeneko salipiritsa. Ngati ndi mwana, imbani 116.