Makina omvera mtsempha wa mawu pa opaleshoni ya khansa ya kummero

Omvera athu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano amaidziwa nthenda imeneyi ngakhale ena sadziwa dzina lake. Munthu amayamba kuvutika kumeza nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi amabwerera. Imeneyi ndi khansa ya kummero, ndipo dziko la Malawi, lomwe tagundana nalo malire, lili m'gulu la maiko omwe nthendayi yachuluka kwambiri padziko lonse.

Ikapezeka msanga, madokotala amatha kudula mbali yodwala ya m'mero nkulumikiza chifu pamalopo. Koma pafupi ndi m'mero pamadutsa timitsempha tiwiri topyapyala ngati ulusi, kena kumanja kena kumanzere. Si mitsempha ya magazi ayi. Ndi yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku timinofu tiwiri ta m'kholingo totulutsa mawu. Ka kumanzere ndi kataliko, kamatsika mpaka m'chifuwa nkuzungulira mtsempha waukulu wa magazi wochokera ku mtima kasanabwerere kukhosi, ndipo ndi kamene kamavulala kawirikawiri. Dokotala sangakalambalale, chifukwa anabere omwe khansa imakonda kufalikirako amakhala momwemo m'mbali mwake, ndipo ayenera kuchotsedwa.

Wina anganene kuti kusasa mawu si nkhani, bola moyo. Ife a pawailesi timadyera mawu, koma vuto lenileni si kulankhula. Timinofu tija ndi chitseko cha mapapo. Munthu akamameza timatsekeka kuti madzi ndi chakudya zisalowe njira ya mpweya. Kamodzi kakafa ziwalo, wodwala amatsamwa akamamwa, amalephera kukhosomola mwamphamvu, ndipo chibayo chimamugwira thupi likadali lofooka. Tikafa tonse tiwiri, kupuma komwe kumavuta, mpaka nthawi zina amabooledwa pakhosi kuti apumirepo.

Apa mpamene makina aja amathandiza. Wodwala akagonekedwa tulo, paipi yopumira yomwe amamuika kukhosi imakhala ndi timawaya tokhudza timinofu ta mawu. Dokotala amagwira kachitsulo kotulutsa magetsi ochepa zedi, pafupifupi miliampeya 1, nkumakhudza malo amene akukayikira. Akakhudza mtsempha, timinofu timagwedezeka, makina amalira. Akakhudza mafuta chabe, ali chete. Mtsempha ukayamba kukokedwa kwambiri, chizindikiro chimachepa mphamvu, iye nkuleza dzanja zinthu zisanaonongeke. Njirayi inafala poyamba pa opaleshoni ya chithokomiro, ndipo tsopano zipatala zina zazikulu za ku Japan, China ndi ku Ulaya zimaigwiritsa ntchito pa khansa ya kummero. Sikuti imathetseratu ngozi. Ena mawu amasasabe, ngakhale ambiri amabwerera pakapita miyezi ngati mtsempha sunaduke.

Makinawa ndi odula, koma kwathu kuno chotitchinga choyamba si chimenecho. Odwala ambiri amafika kuchipatala khansa itakula kale, opaleshoni isakuthekanso, ndipo chotsala ndi kuika kapaipi m'mero kuti aziti akamwa phala lizidutsa. Mawu akasasa okha mwa munthu amene akuvutika kumeza, nthawi zina ndiye kuti chotupa chafika kale pa mtsempha uja.

Choncho bambo kapena mayi, makamaka osuta fodya ndi okonda kachasu, nsima ikayamba kuima pachifuwa kwa masabata 2 kapena 3 ndipo thupi likutsika, musadikire kuti mawu asinthe. Pitani ku chipatala chapafupi, mukawauze anamwino tsiku limene zinayamba, ndipo mukapemphe kalata yopitira ku chipatala chachikulu ku Tete.