ASILIKALI A M'THUPI AKAUKIRA MWINI WAKE

Anzanga, ife a ku Balaka ndi ku Machinga mawu oti CD4 si achilendo kwa ife. Chiyambire chaka cha 2004, pamene boma lidayamba kupereka ma ARV aulere, makolo athu akhala akumva mawuwa pa chipatala cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde. CD4 ndi chizindikiro cha gulu lina la maselo a T, omwe ndi ena mwa asilikali a m'thupi. Kachilombo ka HIV kamapha asilikaliwa, thupi nkutsala lopanda chitetezo. Koma ine ndikufuna ndikuuzeni za vuto losiyana ndi limeneli, pamene asilikali alipo ambiri ndithu koma akumenya nkhondo ndi mwini wake.

Amodzi mwa matenda otere ndi lupus. Maselo a B, amene ntchito yawo ndi kupanga zida zophera tizilombo, amasokonezeka nkumapanga zida zolasa khungu, mfundo za mafupa, impso ndi mtima. Mwa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala akazi. Mankhwala ake amangofooketsa chitetezo chonse, ndipo ambiri amamwa moyo wawo wonse.

Ku yunivesite ya Erlangen ku Germany kuli Pulofesa Georg Schett, katswiri wa za chitetezo cha m'thupi. Iye pamodzi ndi Pulofesa Andreas Mackensen adabwereka njira yochizira khansa ya m'magazi yotchedwa CAR-T, imene dziko la America lidailoleza mu 2017. Njirayo imayenda chonchi. Madokotala amatenga maselo a T m'magazi a wodwala. Ku labotale amawalowetsera malangizo atsopano kuti azizindikira chizindikiro chotchedwa CD19, chimene chimapezeka pa maselo a B. Akawachulukitsa, amapatsa wodwalayo mankhwala amphamvu ochepetsa asilikali akale, kenaka nkumubwezera maselo ophunzitsidwa aja. Amenewa amasaka maselo a B paliponse pamene abisala nkuwapha.

Chimene chidandidabwitsa ine kwambiri ndi mtengatenga wa malangizowo. Akatswiri amagwiritsa ntchito chigoba cha HIV, atachotsamo zonse zoyambitsa matenda. Popeza kachilomboka kamadziwa kulowa m'maselo a T, adakasandutsa wamtokoma. Mdani amene waliritsa midzi yathu akumugwiritsa ganyu!

Mu 2021 gulu la Schett lidayesa njirayi pa mtsikana wa zaka 20 amene lupus idamufika povuta, mankhwala onse atakanika. Matenda adazilala. Mu 2022 adalengeza za odwala asanu, ndipo onse adasiya kumwa mankhwala a lupus. Patapita miyezi itatu kapena inayi maselo a B adabwereranso, koma atsopanowo sadapitirize nkhondo ya akale aja. Mu 2024 chiwerengero cha odwala amene adalemba za iwo chidafika 15, kuphatikizapo a matenda ena ofanana nawo.

Komabe tisafulumire kuvina. Wodwala amatha kutentha thupi kwambiri, ndipo kwa kanthawi amagwidwa msanga ndi matenda ena. Kafukufuku akupitirirabe. Mtengo nawo ngoopsa, pakuti mankhwala oyamba a CAR-T a khansa adayamba kugulitsidwa pa madola 475,000 munthu mmodzi. Munthu wolima thonje ku Utale kapena wopha nsomba ku Chilwa sangayerekeze nkomwe.

Nanga nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Kwathu kuno aliponso matenda a asilikali osokonezeka, ndipo amenewa tingathe kuwapewa. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya otchedwa streptococcus, asilikali amapita kukamenyana naye. Tsoka ilo bakiteriyayu amafananako ndi minofu ya mtima, ndiye pakatha masabata awiri kapena anayi asilikali ena amatembenukira mfundo ndi zitseko za mtima. Mwanayo amatentha thupi, mawondo ndi akakolo nkumatupa mosinthanasinthana. Zikamabwerezabwereza mtima umawonongeka, ndipo akakula amapuma mobanika, makamaka mayi akakhala woyembekezera.

Mankhwala ake si a madola zikwizikwi ayi, ndi penisilini. Zilonda zapakhosi zikachizidwa msanga, nkhondoyo siyamba nkomwe. Amene adadwalapo kale amabayidwa jakisoni wa penisilini pafupifupi mwezi uliwonse kuti mtima usapitirire kuwonongeka.

Tsono anzanga, tikapita ku holide tikawafotokozere makolo. Mng'ono wathu kapena mlongo wathu akamadandaula pakhosi uku thupi likutentha, tisangomugulira panado pa golosale. Mawondo akatupa tisathamangire kutema mphini kapena kuloza agogo chala kuti ndi mfiti. Tipite naye kuchipatala. Ndipo ife amene timakonda Biology tilimbikire, chifukwa Malawi akufunika akatswiri akeake odziwa kulankhula ndi asilikali a m'thupi.